Matimu khumi a J.J. Daigneault

Mu 1984 timu ya Vancouver Canucks itatchula dzina la Jean-Jacques Daigneault pa mwambo wosankha osewera achinyamata a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, mnyamatayo anapita kutsogolo akuyenda ndi ndodo chifukwa anali atavulala. Anali wa nambala 10 kusankhidwa chaka chimenecho, mwana wa ku Montreal wobadwa mu 1965, wotchinga kumbuyo pa masewero a hockey a pa ayezi. Munthu wosankhidwa msanga chonchi amayembekezeka kukalambira pa timu yomweyo. Iye anangokhalapo zaka ziwiri, n'kutumizidwa ku Philadelphia.

Kutumizidwa ndiye mawu ake enieni. Ku NHL matimu amasinthana osewera ngati mbuzi pa msika, ndipo wosewera wamba safunsidwa. Amangouzidwa kuti alongedze, mawa akavale yunifolomu ina. Otchuka ena amalembetsa mu kontirakiti kuti asasunthidwe popanda chilolezo chawo, koma wotchinga kumbuyo wa pakatikati, wodalirika koma wosagoletsa kwambiri, ndiye katundu woyenda msanga. Timu yofuna chikho ikavulalidwa anthu mu February kapena March, imafuna munthu wotere woti atseke mpata.

Ku Philadelphia ndi kumene anachita chinthu chomwe anthu amamukumbukira nacho. Mu May 1987 timu ya kumeneko, Flyers, inali mu ndime yomaliza ya chikho cha Stanley Cup, ikulimbana ndi Edmonton Oilers ya Wayne Gretzky. Pa masewero achisanu ndi chimodzi, mu bwalo la Spectrum, Edmonton, yomwe inkangofunika kupambana kamodzi kokha kuti itenge chikho, inatsogola 2-0 ndipo chikho chinali chitayandikira kunyamulidwa. Flyers inabweza, Brian Propp n'kufananitsa zigoli. Kutatsala mphindi zosakwana zisanu ndi chimodzi, kampira kafulati kaja amati puck kanatsetsereka kulowera kumene kunali Daigneault. Anakamenya ali kutali, kanadutsa goloboyi Grant Fuhr, 3-2. Amene analipo amasimba phokoso la usiku umenewo mpaka lero. Chikho anatenga ndi Edmonton ndithu, itapambana masewero otsiriza 3-1, ndipo chaka chotsatira mwini chigoli chija anali atasamutsidwa kale kupita ku Montreal.

Kwawoko ndi kumene anakhalitsa, pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1993 timu ya Montreal Canadiens inagonjetsa Los Angeles Kings n'kutenga chikho, ndipo ku Kings kunali Gretzky yemwe uja. Zaka zoposa 30 zinadutsa popanda timu ya ku Canada kuchigwiranso.

Kuchokera mu 1995 chikwama sichinatsikenso pa phewa: St. Louis, Pittsburgh, Anaheim, New York Islanders, Nashville, Phoenix, Minnesota. Matimu asanu ndi awiri m'zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Wina anganene kuti munthuyu ankakanidwa paliponse, koma ine ndikuona kuti nthawi ndiyo inamuyendetsa. Pakati pa 1991 ndi 2000 ligi inakula kuchoka pa matimu 21 kufika pa 30. Timu yatsopano ikabadwa, imaloledwa kutola osewera amene matimu akale sanawateteze, ndipo osiyidwa poyera amakhala akuluakulu odziwa ntchito onga iyeyu. Umo ndi momwe anafikira ku Nashville mu 1998. Pa matimu ake khumi, Anaheim, Nashville ndi Minnesota Wild kunalibe pamene iye ankasankhidwa ali pa ndodo zija, ndipo Phoenix nthawiyo inali idakali Winnipeg Jets.

Anasewera masewero 899 a mu ligi ya NHL, kutsala amodzi okha kuti akwane 900. Ku Minnesota, timu yake yomaliza, anavala yunifolomu kamodzi kokha.