Tizidutswa ta RNA ndi kusaka mankhwala a mafuta a m'chiwindi

Anthu ambiri amadziwa kuti chiwindi chawo chadzaza mafuta pamene akupimidwa vuto lina, monga miyala ya m'ndulu, kapena pamene zotsatira za magazi zaonetsa kuti ALT, imene imakwera chiwindi chikavulala, yakwera pang'ono. Amalawi anzathu a kuno ku Johannesburg akauzidwa zimenezi kawirikawiri amadabwa, makamaka amayi opemphera amene sanalawepo mowa chibadwire, chifukwa kwathu tinazolowera kuti chiwindi chimaonongeka ndi kachasu. Koma matenda amenewa, amene pa mapepala a chipatala amalembedwa NAFLD kapena MASLD kuyambira 2023, amayenda limodzi ndi kunenepa, matenda a shuga ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi, ndipo akupezeka mwa pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi. M'dziko lino la South Africa chiopsezo n'chachikulu, popeza kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 alionse anali olemera kupyola muyezo. Mwa anthu ambiri mafutawo amangokhala osachita kanthu, koma mwa ena chiwindi chimatupa, chimachita zipsera, ndipo pakapita zaka chikhoza kuuma kapena kuchita khansa. Gulu lachiwirili ndi limene likusowa mankhwala, ndipo njira imodzi imene akatswiri akuyesa ndi ya RNA yosapanga mapuloteni.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze ndi malo osokera zovala. DNA ili ngati buku lalikulu la mapatani limene silituluka mu ofesi ya bwana. Pakafunika chovala china, patani yake imakoperedwa pa kapepala n'kutumizidwa kwa matelala, ndipo kapepala kameneko ndi kamene kamatchedwa mRNA, pamene chovala chosokedwacho ndi puloteni. Chodabwitsa n'chakuti mbali ya DNA yathu imene ili ndi mapatani a mapuloteni siikwana ngakhale magawo awiri mwa 100, ngakhale kuti mbali yaikulu ya yotsalayo imakoperedwanso kukhala RNA. Ina mwa RNA yotereyi imagwira ntchito ya ukapitawo: imagwira kapepala kasanafike kwa telala, n'kukachedwetsa kapena kukang'amba, motero imalamula kuchuluka kwa puloteni imene selo lipange. Yaifupi kwambiri, ya zilembo za chibadwa pafupifupi 22, imatchedwa microRNA. Palinso yaitali yopyola zilembo 200, monga H19 ndi MALAT1, komanso ina yozungulira ngati mphete, koma pa mitundu iwiriyi zambiri zimene zikudziwika zachokera mu mbewa ndi m'maselo a mu labotale, choncho sindikhalitsapo.

MicroRNA yoyamba inapezeka mu 1993 mu kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, ndipo Victor Ambros ndi Gary Ruvkun analandira mphotho ya Nobel mu 2024 chifukwa cha ntchito imeneyi. Okhala kuno angakonde kudziwa kuti munthu amene anachititsa kuti kanyongolotsi kameneka kazigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa za chibadwa, Sydney Brenner, anabadwira ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Wits ya mumzinda muno.

M'chiwindi, microRNA yochuluka koposa zonse ndi miR-122, imene imapanga pafupifupi magawo 70 mwa 100 a microRNA yonse ya m'chiwalochi, ndipo mbiri yake ndi imene imaonetsa bwino ubwino ndi vuto la njira imeneyi. Mu 2005 ndi 2006 ofufuza anaitseka kwa nthawi yochepa mu mbewa, ndipo cholesterol ya m'magazi inatsika, mafuta a m'chiwindi cha mbewa zonenepa nawonso n'kuchepa. Zinaoneka ngati mankhwala apezeka. Koma mu 2012 magulu awiri a ofufuza anaonetsa kuti mbewa zobadwa zopanda miR-122 zimadwala matenda omwewo amene anthu ankafuna kuchiza: chiwindi chimadzaza mafuta, chimatupa, chimachita zipsera, pamapeto pake khansa. Mwa anthu amene chiwindi chawo chatupa ndi mafuta, miR-122 imachepa m'chiwindimo koma imachuluka m'magazi, mwa zina chifukwa maselo ovulala amaitaya. Funso loti tiitseke kapena tiionjezere lilibe yankho limodzi, chifukwa microRNA imodzi imayang'anira timapepala mazanamazana nthawi imodzi, ndipo mukachotsa kapitawo wotereyo ntchito zambiri zimene simunaziganizire zimasokonekera.

Mankhwala otseka miR-122 anayesedwapo ndithu pa anthu, koma pa matenda ena. Kachilombo ka hepatitis C kamadalira miR-122 kuti kaswane, ndipo mu 2013 zotsatira zinaonetsa kuti jakisoni wotchedwa miravirsen anachepetsa kachilomboka m'magazi. Sanapite patali chifukwa nthawi yomweyo kunatuluka mapiritsi monga sofosbuvir amene amachiza matendawo m'milungu yochepa. Mankhwala ena otseka miR-103 ndi miR-107, amene anapangidwira anthu a shuga okhala ndi mafuta m'chiwindi, anasiyidwa mu 2017 akadali pa mayeso oyambirira. Ndipo mu 2016 mayeso a mankhwala otsanzira miR-34 pa odwala khansa anaimitsidwa chitetezo cha m'thupi cha odwala ena chitalusa kwambiri mpaka ena kumwalira. Ndikuona kuti aliyense wolemba za chiyembekezo cha microRNA ayenera kutchulanso mbiri imeneyi, chifukwa nkhani za pa intaneti zimakonda kufotokoza za mbewa zochira n'kusiya za mayeso olephera.

Pamene microRNA yayamba kuthandiza ndi pa kupima. M'matenda amenewa miR-34a imakwera, ndipo imatsekereza mapuloteni monga SIRT1 ndi PPAR-alpha amene amathandiza chiwindi kuwotcha mafuta. Popeza imapezeka m'magazi, yaikidwa m'gulu la zinthu zinayi zopimidwa mu mayeso a magazi otchedwa NIS4, amene cholinga chake n'kuzindikira odwala amene chiwindi chawo chatupa ndipo chayamba zipsera. Phindu lake n'lalikulu pa nkhani ya mankhwala, chifukwa mpaka pano njira yotsimikizika yoonera ngati chiwindi chikuchira ndi kubaya singano n'kuchotsako kachidutswa, chinthu chopweteka, chodula, ndiponso chosatheka kubwereza miyezi ingapo iliyonse. Kupima kwa magazi kodalirika kungathandize dokotala kusankha woyenera mankhwala odula ndi kuona msanga ngati akugwira ntchito.

Chiyembekezo chenicheni, m'kuona kwanga, chili pa RNA yopangidwa ndi anthu, yotchedwa siRNA. Nayonso sipanga puloteni, ndipo imagwiritsa ntchito makina omwewo a m'selo amene microRNA imagwiritsa ntchito, njira imene Andrew Fire ndi Craig Mello anaifotokoza mu 1998 n'kulandira nayo Nobel mu 2006. Kusiyana kwake n'kwakuti siRNA imalembedwa kuti igwirizane ndi mRNA imodzi yokha. Vuto limene linatenga zaka zambiri linali lofikitsa mankhwalawo pamalo oyenera asanasungunuke m'magazi, ndipo linathetsedwa pomangirira ku siRNA timashuga titatu totchedwa GalNAc, timene maselo a chiwindi amatigwira ndi kutimeza mofulumira. N'chifukwa chake chiwindi ndicho chiwalo chosavuta kuchifikira ndi mankhwala a mtundu umenewu. Oyamba kuvomerezedwa anali patisiran mu 2018, wa matenda osowa a chibadwa, amene ankanyamulidwa m'timipira ta mafuta, kenaka kunabwera givosiran mu 2019 wogwiritsa ntchito GalNAc. Wodziwika kwambiri ndi inclisiran, wovomerezedwa ku Ulaya mu 2020 ndi ku America mu 2021, amene amaletsa chiwindi kupanga puloteni ya PCSK9 n'kutsitsa cholesterol yoipa ndi theka. Munthu akalandira majakisoni awiri oyamba, otalikirana miyezi itatu, amangobayidwa kawiri pa chaka. Kwa munthu wogwira ntchito m'nyumba za anthu kapena pa malo omanga, amene tsiku lopita ku kiliniki ndi tsiku lopanda malipiro, ubwino wa jakisoni wotere ndi woonekeratu.

Pa mafuta a m'chiwindi, akatswiri akulondola makamaka majini awiri (jini ndi patani imodzi m'buku la DNA lija). Mu 2018 kunapezeka kuti anthu obadwa ndi jini ya HSD17B13 yosagwira bwino ntchito amatetezeka ku kutupa ndi kuuma kwa chiwindi, choncho kunapangidwa siRNA yozimitsa jini imeneyi mwadala, ndipo mayeso oyambirira aonetsa kuti mRNA yake imatsikadi kwambiri m'chiwindi cha odwala. Ina ndi PNPLA3, imene mtundu wake wina unapezeka mu 2008 pa kafukufuku wa mumzinda wa Dallas kuti umaunjika mafuta m'chiwindi. Pamenepa pali mfundo yotikhudza ife. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mtundu woopsawo ndi wofala kwambiri mwa anthu ochokera ku Latin America, koma si wofala kwenikweni mwa anthu akuda a ku America. Mankhwala ozimitsa PNPLA3 akadzavomerezedwa akhoza kuthandiza ochepa mwa ife, pamene kafukufuku wambiri wa majini wachitika pa anthu a makolo a ku Ulaya. Ntchito ngati ya AWI-Gen, imene ikutsogozedwa kuchokera ku Wits pofufuza majini ndi matenda a kunenepa mwa anthu a ku Soweto ndi madera ena a mu Africa, ndi imene ingatiuze majini amene ali ofunika kwa ife. Pa yunivesite yomweyo palinso gulu limene kwa zaka zambiri lakhala likuyesa njira ya RNA yozimitsa majini polimbana ndi hepatitis B.

Pofika lero palibe mankhwala a RNA amene avomerezedwa kuchiza mafuta a m'chiwindi, ndipo aliyense wokugulitsani botolo lotsuka chiwindi ponena kuti limakonza majini akukunamizani. Mankhwala ena azitsamba ndi oonjezera mphamvu amavulaza chiwindi chimene chadwala kale. Amene avomerezedwa ku America ndi resmetirom, mu 2024, ndi semaglutide, mu 2025, onse a odwala amene ali ndi zipsera zapakati kapena zazikulu koma chiwindi chisanaume, ndipo onse awiri si a RNA. M'dziko lino mankhwala alionse atsopano amayenera kudutsa ku bungwe loona za mankhwala la SAHPRA, ndipo mtengo wake ndi nkhani ina. Chimene chili ndi umboni wamphamvu ndi kutsitsa kulemera kwa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 mwa 100, kutanthauza makilogalamu pafupifupi asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kwa munthu wa makilogalamu 80, zimene zimachepetsa kutupa ndipo mwa ena zimabweza zipsera. Poyambira pabwino ndi kuchepetsa zakumwa zotsekemera, magwinya ndi kota, komanso kukula kwa mitanda ya nsima ya ufa woyera.

Amene akumwa ma ARV ayenera kukhala tcheru mwapadera. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira mu Johannesburg muno ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti ARV yotchedwa dolutegravir, makamaka pamodzi ndi inzake yotchedwa tenofovir alafenamide, imayenda ndi kunenepa, kwambiri mwa amayi. Zimenezi si chifukwa chosiyira mankhwala, koma ndi chifukwa chopempha kuti shuga, mafuta a m'magazi ndi chiwindi ziziunikidwa. Mukauzidwa kuti chiwindi chili ndi mafuta, pemphani kupimidwa hepatitis B, imene ndi yofala kwathu ku Malawi ndi kuno komwe, ndipo funsani dokotala kuti akuwerengereni FIB-4, nambala yochokera pa zaka zanu, AST (imene imakweranso chiwindi chikavulala), ALT ndi maplatelet, timaselo tothandiza magazi kuundana. Kwa munthu wa zaka 35 mpaka 65, nambala yosafika 1.3 imasonyeza kuti zipsera zazikulu n'zokayikitsa, ndipo kupimako kumabwerezedwa pakapita chaka chimodzi mpaka zitatu. Ikapyola pamenepo, chotsatira ndi FibroScan, makina oyeza kulimba kwa chiwindi popanda singano, ndipo kalata yopitira kwa katswiri wa chiwindi imachokera ku kiliniki kumene mumalandira chithandizo.