Tintchentche ta pa nthochi yovunda

Siyani nthochi yakupsa kwambiri m'mbale masiku awiri, kaya ku Kawale kaya ku Area 25, mudzapeza tintchentche ta maso ofiira tikuzungulira pamenepo. Si ntchentche zija zimaboola mango ali mumtengo ayi. Iti timangofuna chipatso chimene chayamba kusasa. Ife a sayansi timatitcha Drosophila melanogaster, ndipo kwawo kwenikweni ndi kuno kumwera kwa Africa. Ku Ulaya ndi ku America tintchentcheti tinachita kupitako potsatira anthu. Mu 2018 ofufuza analengeza kuti anapeza ta m'tchire ku Matobo, ku Zimbabwe, tikuswana pa zipatso za mfula.

Totuluka mu Africa tinali tochepa, choncho tinanyamula gawo chabe la ma gene, malangizo a m'thupi aja mwana amatengera kwa makolo. Nkhokwe yaikulu inatsala kuno. N'chifukwa chake tintchentche ta ku Siavonga, ku Zambia, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, timasiyana tokhatokha m'chibadwa kuposa ta ku Ulaya.

Kusiyanaku kumaonekera zinthu zikavuta. Ta kumapiri a Ethiopia ndi takuda, tokulirapo, ndipo timapirira kuzizira kuposa ta kuchigwa. Koma imene imandikhudza kwambiri ndi nkhani ya DDT, mankhwala ophera tizilombo. Pali gene yotchedwa Cyp6g1, imene imathandiza thupi kuphwanya poizoni. Mwa tintchentche tina, kachidutswa ka DNA, chinthu chimene chimapanga ma gene, kanalowa pafupi nayo n'kuichititsa kugwira ntchito mopitirira muyeso. Anthu atayamba kupopera mankhwala, tintchentche timene tinapulumuka ndi timeneti. Kukafunda, dzira limasanduka ntchentche yaikulu m'masiku 10 okha, ndiye mbumba yawo sinachedwe kudzaza dziko.

Wina anena kuti kantchentche kali ndi ntchito yanji. Taonani udzudzu. Ku Chikwawa, Anopheles funestus, wofalitsa malungo uja, anasiya kufa msanga ndi mankhwala a m'maneti, ndipo mwa zimene zamulimbitsa muli CYP6P9a, gene ya banja lomwelo la Cyp6g1. Maneti okhala ndi mankhwala ena otchedwa PBO anabwera kudzatseka njira imeneyi: PBO imafooketsa chophwanyira poizoni chija kuti mankhwala agwire. Ndikamagona m'neti yotero dzinja lino, ndimakumbukira kuti chitsanzo chomveka bwino cha zonsezi tinachiona pa kachilombo kamene timakathamangitsa ndi dzanja pa mulu wa mango mu msika wa Lizulu.