Insulini wa usiku: yezani shuga pakati pa usiku musanawonjezere mlingo

Uthengawu ndi wa inu amene akupezani kumene ndi matenda a shuga ndipo mwayamba kubaya insulini, komanso wa makolo ndi achibale amene mumagona nawo nyumba imodzi.

Munthu akagona sadya, koma shuga m'magazi mwake satha. Chiwindi chimasunga shuga ndi kumamutulutsa pang'onopang'ono usiku wonse kuti ubongo usasowe mphamvu. Insulini wokhalitsa ntchito yake ndi yoletsa shuga ameneyu kukwera mopitirira. Ali ngati chikuni chogonera moto: sichilirima, koma sichizima mpaka kuche. Chakudya chili ndi insulini wake wina, wogwira ntchito msanga, monga Actrapid, amene mumabaya musanadye.

Insulini wokhalitsa amene ambiri amalandira m'zipatala za boma ndi wotuwa uja wotchedwa isophane kapena NPH, wa maina monga Insulatard ndi Protaphane. Musanamukoke m'botolo, mugubuduze botololo m'manja mpaka asakanikirane bwino, apo ayi mphamvu yake imasiyana tsiku ndi tsiku. Ameneyu amafika pachimake pakatha maola 4 mpaka 10 chibayireni. Taganizani: mwabaya 6 koloko madzulo, mwadya nsima, mwagona 8 koloko. Insulini akufika pachimake pakati pa usiku, nsima ija itatha kale m'mimba, inu muli m'tulo tofa nato. Nthawi yoopsa ndi imeneyo. Glargine, amene ambiri amamudziwa kuti Lantus, ndi woyera ngati madzi ndipo amagwira ntchito pafupifupi maola 24 mosakwera kwambiri, koma nayenso akachuluka amatsitsa shuga usiku.

Nambala ya m'mawa siyinena zonse

Ambiri akadzuka n'kupeza shuga ali pa 12 kapena 13 mmol/L (muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'magazi), amangoti insulini wachepa, madzulo ano ndiwonjezera. Chonde musafulumire. Shuga wokwera m'mawa ali ndi zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo kuwonjezera insulini kumachiipitsa.

Tiyerekeze anthu atatu, onse adzuka ndi shuga wokwera. Woyamba anagona ali pa 8, pa 3 koloko usiku anali pa 8.5, m'mawa wafika pa 12. Uyu shuga wake wakwera m'bandakucha, nthawi imene thupi limatulutsa mahomoni okonzekeretsa munthu kudzuka, kapena insulini wa madzulo watha mphamvu kusanache. Adokotala angamuwonjezere mlingo, kapena kumusinthira nthawi kuti NPH azibaya pogona osati pa chakudya chamadzulo. Wachiwiri anagona ali pa 14, usiku anali pa 13.5, m'mawa ali pa 13. Insulini wokhalitsa wagwira bwino ntchito yake, wasunga shuga pomwe anamupeza. Vuto lili pa mgonero: mitanda ya nsima inachuluka kapena insulini wa chakudya anachepa. Wachitatu anagona ali pa 8, pa 3 koloko anatsika kufika pa 3.4, m'mawa ali pa 11 chifukwa chiwindi chinathamangira kumupulumutsa, kapena anadzidzimuka ndi njala n'kudya zambiri. Uyu akawonjezera insulini, usiku wotsatira akhoza kukomoka ali m'tulo. Chowasiyanitsa anthu atatuwa ndi nambala za pogona ndi za pakati pa usiku.

Kayezedwe kake

Sankhani tsiku labwinobwino: simukudwala, simunamwe mowa, simunagwire ntchito yolemetsa kuposa masiku onse. Idyani mgonero mwachangu, wosachuluka mafuta, kuti pogona pakhale patadutsa maola pafupifupi 4 chidyereni ndi chibayireni insulini wa chakudya. Yezani pogona, tcherani alamu ya pafoni kuti muyezenso 2 kapena 3 koloko usiku, kenako yezani mukangodzuka musanadye kanthu. Kamakina koyezera shuga, timapepala toyezera, tochi, madzi ndi shuga zigone pafupi ndi mphasa kapena bedi, kuti musayambe kufufuza mumdima. Sambani m'manja ndi kupukuta musanadzibaye, chifukwa chala chogwira mango kapena nzimbe chimapereka nambala yabodza.

Ngati nambala zitatuzo sizikusiyana ndi zoposa 2 mmol/L, insulini wokhalitsa ali pamlingo wabwino. Kwa akuluakulu ambiri, shuga wa m'mawa amafunika akhale pakati pa 4 ndi 7 mmol/L, koma ana, okalamba ndi amayi oyembekezera amauzidwa nambala zawo kuchipatala. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ndipo nambala zake zimakhala zazikulu, monga 126 m'malo mwa 7. Gawani ndi 18 kuti mupeze mmol/L.

Timapepala toyezera ndi todula ndipo nthawi zina sitipezeka. Simukufunika kuyeza usiku uliwonse. Kuli bwino kusunga timapepala 9 n'kuyeza katatu pa usiku kwa masiku atatu kusiyana ndi kumayeza m'mawa mokha sabata yonse. Yezaninso usiku mukangosinthidwa mlingo, tsiku limene mwalima kapena kupalasa njinga ulendo wautali, ndiponso mukadzuka mutu ukupweteka, zovala zitanyowa ndi thukuta, kapena mutalota maloto oopsa. Ntchito yamphamvu ya masana imatha kutsitsa shuga patapita maola ambiri, munthu atagona kale. Mowa, makamaka kachasu womwa osadya, umaletsa chiwindi kutulutsa shuga, ndipo anthu amangoti munthuyo waledzera pomwe wakomoka.

Kusintha mlingo

Pamiyezi yoyambirira, musasinthe mlingo panokha. Gwirizanani ndi adokotala kapena anamwino a kukiliniki ya shuga, akulembereni malire m'buku lanu la kuchipatala. Njira imene amatsata kawirikawiri ndi yowonjezera pang'ono, mayuniti 2 kapena gawo limodzi mwa magawo 10 a mlingo wanu, kenako kudikira masiku atatu musanasinthenso. Nambala ya tsiku limodzi siyokwanira kuwonjezerera. Kuchepetsa kokha ndiye sikudikira: shuga akatsika usiku popanda chifukwa chodziwika, mlingo umachepetsedwa madzulo otsatirawo, nthawi zambiri ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10. Mlingo wa mwana umakhala wochepa kwambiri, choncho yuniti imodzi yokha kwa iye ndi nkhani yaikulu. Amene mumabaya insulini wosakaniza kale wa 30/70 (wogwira ntchito msanga ndi wokhalitsa pamodzi), dziwani kuti kusintha mlingo wa madzulo kumakhudza mgonero ndi usiku womwe.

Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba (umene thupi limasiya kupanga insulini), makamaka ana ndi achinyamata, nthawi zina amaona kuti patapita masabata angapo chiyambireni jakisoni, shuga wayamba kutsikatsika. Kapamba amakhala wayambanso kutulutsa insulini pang'ono kwa kanthawi. Uku sikuchira, ngakhale achibale ena anganene kuti mapemphero kapena mankhwala azitsamba agwira ntchito. Mlingo umachepetsedwa, koma jakisoni sasiyidwa, chifukwa kanthawiko kamatha.

Onaninso pamene mukubaya. Kubaya malo amodzimodzi kumabweretsa zotupa zolimba pakhungu, ndipo insulini wobaya pachotupa amalowa m'thupi mosadalirika. Insulini wotenthedwa ndi dzuwa kapena wouma mufiriji amatha mphamvu. Kumene kulibe firiji, mumtsuko wokhala ndi mchenga wonyowa, woikidwa pamthunzi, mumathandiza.

Shuga akatsika usiku

Nambala ya 3.9 mmol/L kapena yocheperapo, kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kuthamanga ndi njala yadzidzidzi ndi zizindikiro zoti shuga watsika. Imwani madzi osungunuliramo masupuni atatu kapena anayi a tiyi a shuga, kapena theka la kapu ya Fanta. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ndipo bwerezani ngati sanakwere. Akakwera, idyani mbatata, buledi kapena phala musanagonenso. Ngati mulibe timapepala koma zizindikiro zilipo, imwani shugayo osadikira.

Achibale: mukaona munthu akubuula m'tulo, thukuta lili kamukamu, kapena sakudzuka mukamugwedeza, musamumwetse kanthu chifukwa angatsamwe. Mugonekeni chammbali, pakani shuga wonyowa kapena uchi mkati mwa tsaya lake, ndipo thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.

Mukadwala malungo, kutsekula m'mimba kapena kusanza moti simukudya, musasiye insulini wokhalitsa. Matenda amakweza shuga, ndipo thupi losowa insulini limapanga asidi woopsa m'magazi. Yezani pafupipafupi, imwani madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga insulini wanu, majakisoni ndi kope limene mumalembamo nambala, nthawi, mlingo ndi zimene munadya.