Galimoto yamagetsi ikakalamba, chimayamba kufa n'chiyani?

Mafuta akasowa, mizere ya galimoto n'kufika mpaka mumsewu wa Chipembere, amakaniko ndi amagetsi a mu Blantyre amafunsidwa funso limodzimodzi: kodi galimoto yoyendera magetsi okhaokha ingakhalitse kuno kwathu? Ofunsawo ambiri amakhala ataona kale Nissan Leaf yakale pa intaneti, mtengo wake wokopa, yongodikira kukwezedwa pasitima ku Japan kuti idzatsikire ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Tisaisokoneze ndi Toyota Aqua, Prius kapena Nissan Note e-Power. Zimenezo zili ndi injini ndipo zimamwa petulo. Pano tikunena ya batire yokha.

Leaf idayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010, choncho eni ake m'mayiko ena akhala nayo zaka zokwanira kuti tidziwe chimene chimatha ndi chimene chimapirira. Mota yake siivuta kawirikawiri. Muli chinthu chimodzi chozungulira pa mabeyaring'i, mulibe mapisitoni, mapulagi, kilatchi, lamba wa timing, ngakhale oyilo wosintha makilomita 5,000 aliwonse. Giya ndi imodzi. Nkhani yagona pa batire lalikulu la pansi pa galimoto, ndipo kukhulupirika kwa galimoto yonse kumadalira kuti munaligula lili ndi moyo wochuluka bwanji.

Batire silifa tsiku limodzi ngati babu. Limachepa mphamvu pang'onopang'ono, ngati ndowa imene chaka chilichonse ikutunga madzi ocheperako. Kampani ya Geotab ya ku Canada, imene imatsata galimoto zambirimbiri zamakampani, idapeza kuti mabatire ambiri amataya pafupifupi 2 peresenti pachaka. Koma Leaf yakale ili ndi chilema chake: batire lake lilibe madzi oliziziritsa, limangodalira mpweya wozungulira bokosi. M'chaka cha 2012 eni ake a ku Phoenix, m'chigawo chotentha cha Arizona ku America, adadandaula kuti mabatire awo akufooka galimoto zisanathe zaka ziwiri, ndipo Nissan idasintha kapangidwe ka maselo pa galimoto za 2015 kuti azipirira kutentha. Blantyre si Phoenix. Tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 ndipo chiperoni chimatithandiza. Komabe Okutobala ndi Novembala wathu samasewera, ndipo amene amakhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje aganize kawiri asanagule galimoto ya batire losaziziritsidwa.

Zimene zimakalambitsa batire ndi zitatu zikakumana: kutentha, kudzaza mpaka 100 peresenti, ndi kukhala chodzaza choncho masiku ambiri. Galimoto yoimikidwa padzuwa ku Ginnery Corner tsiku lonse, batire lili lodzaza, ikukalamba ngakhale isakuyenda. Pa ulendo wa tsiku ndi tsiku, sungani batire pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Dzazani mpaka pamwamba pokhapokha mukunyamuka ulendo wautali m'mawa mwake. Mukachoka kwa mwezi, isiyeni pamthunzi ili pa theka. Lamulo limeneli ndi la mabatire a mtundu wa Leaf. Galimoto za BYD monga Dolphin ndi Atto 3 zili ndi batire la mtundu wina wotchedwa LFP, lopirirako kutentha, ndipo limafuna kudzazidwa mpaka 100 nthawi ndi nthawi kuti kompyuta yake isasokere powerengera mphamvu yotsala.

Tsopano pogula, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira. Pa dashibodi ya Leaf pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi timizere tosonyeza kuti mwatchaja mochuluka bwanji. Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu yake yoyamba, ndipo kenako kamzere kalikonse kamaimira 6 peresenti ndi pang'ono. Galimoto ya timizere 9 ndiye kuti ili cha m'ma 70 peresenti. Koma timizereti si umboni wokwanira. Munthu wokhala ndi makina oyenera amatha kufufuta zimene kompyuta ya batire idasunga, timizere n'kubwerera pa 12, kenako n'kumazima kamodzikamodzi pakapita masabata, galimoto ili kale pakhomo panu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Njira yodalirika ndi kachipangizo ka OBD2 kolumikiza pansi pa chiwongolero ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy. Imaonetsa nambala ya SOH, imene ndi thanzi la batire mu peresenti, kuchuluka kwa nthawi zimene galimoto idatchajidwa mwachangu, ndi mphamvu ya magulu 96 a maselo, lililonse palokha. Chofunika kwambiri ndi kusiyana pakati pa gulu lamphamvu ndi gulu lofooka. Kukakhala 20 kapena 30 mV (1,000 mV ndi 1V) palibe nkhawa. Kukapitirira 100 mV, makamaka batire litatsika pansi pa 30 peresenti ndipo mukukwera chitunda, pali selo lodwala. Selo limodzi lofooka limalamulira batire lonse: likafika pansi, kompyuta imadula mphamvu, chizindikiro cha kamba chimayaka pa dashibodi, galimoto n'kumakwawa ngakhale mita ikunena kuti kwatsala makilomita 30. Wogulitsa amene akukana kukutumizirani chithunzi cha LeafSpy msiyeni. Ndipo ngati galimoto ya zaka 10 ikuonetsa SOH ya 98 popanda chikalata chosonyeza kuti batire lidasinthidwa, dziwani kuti wina adaseweretsa kompyuta.

Tiwerengere m'mayunitsi, poti yunitsi imodzi ya ESCOM ndi 1 kWh. Leaf yoyamba ili ndi batire la 24 kWh, koma imakulolani kugwiritsa ntchito pafupifupi 21. Likatsika kufika 75 peresenti, mwatsala ndi 16. Yunitsi imodzi imayendetsa makilomita 6 kapena 7 mukamayenda mofatsa, ndiye kuti makilomita pafupifupi 100. Kwa munthu wokhala ku Machinjiri kapena ku Chilomoni amene amagwira ntchito ku Limbe, imeneyo ndi galimoto yokwanira. Kupita ku Zomba ndi kubwerera osatchaja, siingathe. Ya 40 kWh, imene idatuluka chakumapeto kwa 2017, ikakhala ndi thanzi la 85 peresenti imafika makilomita cha m'ma 200, kutanthauza kuti Zomba, Thyolo ndi Mulanje ndi maulendo a tsiku limodzi, koma Lilongwe kudzera pa Zalewa, makilomita opitirira 300, imafuna malo otchajira panjira amene mwakonzeratu.

Msewu wa ku Chikwawa uli ndi phunziro lakelake. Potsika, mota imasanduka jenereta, imagwira galimoto n'kumabwezera magetsi m'batire. Koma batire lodzaza silingalandire, choncho mukanyamuka mu Blantyre pa 100 peresenti, mabuleki okha ndi amene adzagwire galimoto yolemera tani imodzi ndi theka m'makona onse otsikira ku Thabwa. Ndi bwino kufika pamwamba pa phiri batire litatsikako. Pobwerera, kukweza galimotoyo mamita pafupifupi 900 kumadya mayunitsi 4 apadera, kuwonjezera pa a mtunda weniweniwo. Kwa batire lotopa lija la 16, limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nambala ya makilomita otsala imene dashibodi ikuonetsa muli pa mlatho wa Kamuzu musaikhulupirire, chifukwa siidziwa kuti kutsogolo kuli phiri.

Chimene chimasiya anthu ambiri panjira, chodabwitsa, ndi kabatire kakang'ono ka 12V, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Bungwe la ADAC la ku Germany, lothandiza oyendetsa amene galimoto zawafera, limakapeza patsogolo pa zifukwa zonse chaka ndi chaka, pa galimoto zamagetsi ndi zapetulo zomwe. Kabatireka ndi kamene kamadzutsa makompyuta ndi kuyatsa maswitchi akuluakulu olumikiza batire lalikulu. Kakafooka, galimoto siilowa pa READY, chizindikiro choti yakonzeka kuyenda, ngakhale batire lalikulu litadzaza, ndipo dashibodi imayatsa machenjezo osokoneza amene amachititsa mwini wake kuganiza kuti zonse zatha. Vuto ndi lakuti palibe sitata yolira mofooka yokuchenjezani ngati pa galimoto yapetulo. Kayezeni ndi mita m'mawa galimoto isanayatsidwe: 12.6V ndi kabwino, pansi pa 12.2V kayamba kupita. Galimoto yongofika kumene, imene yakhala masabata padoko ndi pasitima, isinthireni kabatire katsopano mosakambirana, ndipo muzikasintha zaka zitatu kapena zinayi zilizonse. Kukadzutsa ndi mawaya kuchokera ku galimoto ina ndi kololedwa. Kugwiritsa ntchito Leaf kudzutsa galimoto ya mnzanu, Nissan imaletsa.

Kunyumba ndi kumene kuli ngozi imene eni ake saiganizira. Soketi zathu ndi za 230V, pulagi ya mano atatu ya 13A. Ketulo imakoka magetsi ambiri mphindi zitatu. Galimoto imakoka maola 8 osapuma. Chingwe chimene chimabwera ndi Leaf ya ku Japan chidapangidwira 200V ndipo chimakoka 15A, kuposa zimene pulagi yathu imatha. Kudula mutu wake n'kumangirira pulagi ya pamsika wa Limbe ndi njira yosungunulira soketi, mwinanso kutentha nyumba. Gulani chingwe cha 230V chimene mungachitchere pa 10A, chokhala ndi mutu wa Type 1 ngati galimoto ndi ya ku Japan. Pa 10A mumalandira 2.3 kW, ndiye kuti ulendo wa makilomita 40 patsiku, mayunitsi 7 kapena 8 mukaphatikiza otayika, umabwerera m'maola atatu ndi theka. Ngakhale m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi, ngati imene tidaona mphepo ya Ana itaononga Kapichira mu Januwale 2022, maola amenewo usiku amapezeka masiku ambiri.

Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso akoke waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabureka: wa 2.5 mm² pa soketi wamba, wa 6 mm² ngati mukuika tchaja yapakhoma ya 32A, ndi RCD ya 30 mA, bureka yodula magetsi akayamba kudontha. Ayezenso waya wa earth. Nyumba zambiri zakale chitsulo chake cha m'nthaka chidachita dzimbiri kalekale, ndipo tchaja yabwino imakana kugwira ntchito ikapanda kupeza earth. N'chifukwa chakenso imakana pa jenereta zing'onozing'ono. Ikaninso chotchinjiriza ku magetsi obwera mwamphamvu akamayaka atazima komanso ku ziphaliwali, chifukwa tchaja ya mkati mwa galimoto ikapsa, imayenera kuitanitsidwa kunja ndipo galimoto imakhala pamiyala kudikira. Ekisitenshoni yopindidwa pa gudumu lake musaigwiritse ntchito, imatenthera mkati.

Za mabowo otchajira mwachangu, onetsetsani musanalipire: Leaf ya ku Japan ili ndi CHAdeMO, galimoto za ku Ulaya ndi ku South Africa zili ndi CCS2, zopangira msika wa ku China zili ndi GB/T ndipo chiwongolero chake chili kumanzere. Sizilowana.

Zotsalazo ndi za galimoto iliyonse, kungoti zimavuta mwa njira ina. Mapadi a mabuleki amakhalitsa kwambiri poti mota ndi imene imagwira galimoto, koma chifukwa chomwecho madisiki amachita dzimbiri ndipo mapini a makalipa amauma m'nyengo ya mvula. Chaka chilichonse amasulidwe, atsukidwe, apakidwe girisi, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Matayala amatha msanga chifukwa cha kulemera ndi kunyamuka mwamphamvu. Mabushi ndi ma shock amazunzika m'maenje a ku Ndirande ndi ku Bangwe monga galimoto ina iliyonse yolemera. M'giya bokisi muli oyilo wosakwana malita awiri, ndipo kumusintha galimoto ikangofika n'kotsika mtengo. Pansi pa Leaf ndi pafupi ndi nthaka, masentimita 15 kapena 16 okha, ndipo pansipo ndi pamene pali batire. Hampu yaitali idutseni mopingasa pang'ono, ndipo mukamva kuti mwagunditsa mwamphamvu, ikwezeni muone ngati bokosi laphwanyika kapena lapindika. Galimoto imene yamira m'madzi osefukira isayatsidwe kapena kutchajidwa, ndipo iimikidwe kutali ndi nyumba kufikira wodziwa ataiyeza, chifukwa batire lonyowa mkati limatha kuyaka patapita masiku.

Amakaniko athu ndi aluso, koma pano luso loyesayesa limapha. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mphamvu yofika 400V. Wogwira pamenepo amayenera kuzimitsa galimoto, kuchotsa kabatire ka 12V, kuvala magolovesi a 1,000V, kuzula pulagi yaikulu yodulira batire, kudikira mphindi 10, kenako kuyeza ndi mita asanakhudze chilichonse. Mmisiri wotere amatha kutsegula batire la 24 kWh, limene lili ndi timabokosi 48, n'kusintha kamodzi kokha kodwalako m'malo mogula batire lonse, bola kolowa m'malo kakhale ka thanzi lofanana ndi tinzake ndipo katchajidwe mofanana nato kasanamangidwe. Chitsimikizo cha Nissan cha zaka 8 kapena makilomita 160,000 pa mabatire a 30 ndi 40 kWh musachiwerengere pa galimoto yogulidwa yakale kuchokera kunja.

Pali misampha iwiri ya m'magalaja wamba. Woyamba ndi wa AC. Kompuresa yake ndi yamagetsi amphamvu aja ndipo imafuna oyilo wapadera wa mtundu wa POE amene salola magetsi kudutsa. Wodzaza gasi akathiramo oyilo wa PAG wa galimoto zapetulo, ngakhale wongotsalira m'mapaipi a makina ake, kompyuta imaona ngati magetsi akudontha n'kukana kuyatsa galimoto, ndipo kukonza kwake ndi kutsuka mapaipi onse, nthawi zina kusintha kompuresa. Wachiwiri ndi wokoka. Galimoto ikafa, isakokedwe ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi, chifukwa mota imazungulira n'kumapanga magetsi amene angaotche inverter, bokosi loyendetsa magetsi pakati pa batire ndi mota. Ikwezedwe yonse pa lole, kapena akutsogolowo anyamulidwe m'mwamba.