Kuchapa malamba a galimoto yakale popanda kuwawononga

Anthu akamadzutsa galimoto yakale, kaya Peugeot 404, 504 kapena Datsun 120Y yomwe yagona zaka pansi pa mtengo wa mango, ndalama zimathera pa injini ndi penti. Malamba odzimangira pa mpando amakumbukiridwa kumapeto, mipando itavekedwa kale nsalu yatsopano, mwini wake ataona kuti lamba wakuda bii akuchititsa manyazi. Apo m'pamene mnyamata wa pa galaja amatumidwa kukagula Jik.

Musamutume. Lamba amalukidwa ndi ulusi wa nayiloni kapena poliyesitala, ndipo mankhwala oyeretsa ngati Jik amadya ulusiwo, makamaka wa nayiloni womwe umapezeka m'magalimoto ambiri akale. Lamba amayera ndithu, koma mphamvu imakhala itachepa ndipo maso sangaone. Petulo, parafini ndi thina nazonso zisayandikire. Utoto wodetsera lamba wosuluka sindiufunanso pa galaja, chifukwa umabisa chizindikiro chakuti dzuwa lamupsereza.

Kuno ku Kasungu litsiro la pa lamba limakhala losakanizika: fumbi la m'misewu yopita ku maesiteti, thukuta, mafuta a m'manja, ndipo m'mapikapu omwe ankanyamula mabelo mumapezanso utomoni wa fodya womata. Galimoto ikagona nyengo ya dzinja mawindo ali otseka, chuku chimawonjezera chake. Zonsezi zimachoka ndi zinthu wamba: madzi ofunda, osati otentha, sopo wochepa mphamvu ngati wotsukira mbale, ndi burashi yofewa. Mswachi wakale umakwana.

Kokani lamba yense mpaka polekezera, mumupane ndi chopanira pafupi ndi bokosi lomwe amabwereramo kuti asalowenso. Ngati mwamumasula m'galimoto, muviike nsalu yokha m'ndowa, bokosilo likhale kunja. Musiyeni kanthawi kuti litsiro lifewe, kenako mukwecheni pang'onopang'ono motsatira utali wake, osati mopingasa, kuopa kudzutsa ulusi. Madzi oyamba amatuluka ofiira ngati a mumtsinje mvula itagwa. Sinthani madziwo mpaka aziyera, ndipo tsukuluzani sopo yense, chifukwa wotsalira amaumitsa lamba n'kumakoka fumbi latsopano. Muyanikeni pa mthunzi ali wotambasula. Asabwerere m'bokosi asanaumitsitse, apo ayi chuku ndi dzimbiri zikayambira m'kati momwemo.

Bokosi lija lili ndi sipuling'i yokulungidwa mwamphamvu ndi kachitsulo kolendewera, kapena kampira kachitsulo, komwe kamatseka lamba galimoto ikaima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake bokosilo likapendekeka m'manja lamba amakana kutuluka, ndipo anthu amaganiza kuti lawonongeka. Liimikeni monga limakhalira m'galimoto, muona akutuluka. Chivundikiro cha sipuling'i musatsegule, imalumpha ndipo ingakuvulazeni. Ambiri amanena kuti sipuling'i yatha pomwe lamba akubwerera mwaulesi, koma kawirikawiri vuto ndi litsiro lomwe laumitsa nsalu ndi lina lomata pa mphete ya pa phewa yomwe lamba amadutsamo. Pukutani mpheteyo musanayambe kusaka zipangizo ku Lilongwe.

Phindu lalikulu la kuchapa, kwa ine, n'lakuti litsiro likachoka mumayamba kuona. Yendetsani lamba pakati pa zala, mbali zonse ziwiri. Funani pong'ambika m'mphepete, pomwe makoswe anatafuna, pomwe ndudu inawotcha, ulusi wothothoka, ndi malo ouma gwa kapena otuwa pomwe dzuwa linkawomba kudzera pa windo. Onaninso msoko wa kumapeto pafupi ndi chitsulo. Chimodzi mwa izi chikapezeka, lambayo watha ntchito ngakhale awale bwanji. Yemwe anagwirapo munthu pa ngozi nayenso amachotsedwa, poti ulusi wake unatamuka kale ndipo sungagwire kachiwiri mofanana. Kupita naye kwa telala kapena kwa osoka nsapato kuti alumikize podukapo n'kudzinamiza. Msoko wa kufakitale uli ndi ulusi wake ndi kasokedwe kake, zoyesedwa pa makina.

Eni magalimoto akale amakonda kuti chilichonse chikhale choyambirira, ndipo pa sitiyaring'i kapena mawotchi a pa dashibodi ndimagwirizana nawo. Pa lamba ayi. Chiyambire 1959, pomwe Nils Bohlin wa ku Volvo anabweretsa lamba wogwira pa phewa ndi m'chiuno, ntchito yake ndi kugwira thupi lonse la munthu m'kamphindi ka ngozi, ndipo galimoto za zaka zimenezo zilibe airbag (thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi) yoti ithandizepo. Lamba watsopano wamtundu wofanana saipitsa galimoto.

Musaiwale chomangira, chomwe mumalowetsamo lilime lachitsulo la lamba mukamadzimanga. Chiuzireni mpweya kuti mchenga utuluke, mulowetse lilime lake kangapo: lizilira "khethe" ndipo lisatuluke mukalikoka. Girisi musathiremo, amasonkhanitsa fumbi. Kenako gwadani muone pansi pomwe bawuti wa lamba amamangidwa. Ngati dzimbiri ladya chitsulo chozungulira bawutiyo, malowo awotcheredwe chitsulo chatsopano chokhuthala lamba asanabwezeretsedwe.