Kodi Kagalu Kakang'ono Kangagone Panja Kuno ku Zomba?

Tiagalu ting'onoting'ono taubweya wambiri tachuluka m'makomo a ku Matawale, ku Kalimbuka, ku Mulunguzi ngakhalenso ku Chinamwali. Ena amati ndi Maltese, ena Jack Russell, ena Chihuahua, ndipo tambiri ndi tosakanizika mitundu. Ambiri amene amagula tiagalu timeneti anakulira pakhomo pamene galu ankagona pakhonde kapena paphulusa kuseri kwa khitchini, choncho amaona ngati nako kagone komweko. Yankho lathu ndi lakuti kagalu kosafika makilogalamu 7 kazigona m'nyumba usiku. Sitikunena kuti kazikwera pabedi kapena pasofa ayi. Pakona pa khitchini, m'kolido kapena m'sitolo yolowa mpweya ndi pokwanira.

Chifukwa choyamba ndi thupi lake. Thupi la galu wathanzi limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39, kuposa la munthu, ndipo kutenthako amakupanga yekha kuchokera ku chakudya. Kumene kumathawira kutenthako ndi pakhungu. Galu wamkulu wa makilogalamu 25 ali ndi mnofu wochuluka poyerekeza ndi khungu lake, pamene kagalu ka makilogalamu 3 kali ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi mnofu wake wochepawo. Zili ngati tiyi: wa m'kapu amazizira msanga kusiyana ndi wa m'ketulo ngakhale munawiritsa limodzi. Komanso miyendo yake ndi yaifupi, mimba ili pafupi ndi simenti yozizira ndi udzu wa mame. Ubweya wautali wa Maltese usakupusitseni. Alibe ubweya wachiwiri wothithikana wa m'kati umene umasunga kutentha, ndipo ukanyowa umamatirira pakhungu n'kumakoka kutentha m'malo moteteza.

Palinso vuto la shuga wa m'magazi. Kunjenjemera kumadya mphamvu zambiri, ndipo tiagalu tating'ono, makamaka tosakwana miyezi 6, sitisunga shuga wokwanira m'chiwindi. Kagalu kamene kanadya masana okha n'kunjenjemera usiku wonse kangapezeke m'mawa kali lefu, kakudzandira kapena kakukomoka. Eni ake amathamangira kunena kuti kadyetsedwa poizoni, pamene vuto ndi kuzizira ndi njala.

Tsono Zomba si malo amodzi pa nkhani ya nyengo. Tawuni ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye usiku wa mu June kapena July umene m'tawuni kwafika madigiri 12, ku Ku Chawe ndi kumtunda kwake kumakhala kozizira kwambiri kuposa pamenepo. Ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena kutsidya kwa phiri ku Chingale ndi kofunda ndithu. Kagalu kakang'ono kamayamba kuvutika kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10, ndipo pofika 7 kagalu kaubweya waufupi kali pangozi. Koma manambalawa ndi a usiku wouma wopanda mphepo. Chimene chimapha kuno ndi chiperoni, masiku aja kumachita nkhungu ndi mvula yowaza, mphepo ya mwera ikuwomba osaleka. Kagalu konyowa pa madigiri 13 kali pamavuto aakulu kuposa kouma pa madigiri 8.

Kuzizira kumayamba kuoneka ndi kunjenjemera, kudzipinda, kulira pakhomo ndi kukanda chitseko. Makutu ndi mapazi zimazizira. Choopsa ndi pamene kunjenjemerako kwasiya koma kagalu kali phee, kakupuma pang'onopang'ono, nkhama zayera. Apo sikuti kazolowera, mphamvu zatha. Kalowetseni m'nyumba, kapukuteni ndi nsalu youma, kafunditseni bulangete. Thirani madzi ofunda, osati owira, m'botolo lapulasitiki, likulungeni m'chitenje n'kuliika pambali pa chifuwa. Musakaviike m'madzi otentha ndipo musakayandikizitse pamoto, chifukwa khungu lozizira limapsa kagalu kasanamve kupweteka. Ngati kakutha kumeza, pakani uchi pang'ono kapena madzi a shuga pankhama. Ngati kakomoka musathire kanthu m'kamwa, kangatsamwe. Choyezera kutentha kwa thupi chikasonyeza pansi pa madigiri 37, pitani kwa dokotala wa ziweto. Panado ndi Brufen musapereke, mankhwala amenewa amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu, ndipo kwa kagalu ka makilogalamu 3 m'bulu umodzi wa munthu wamkulu ndi wochuluka kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene timachenjeza mobwerezabwereza: musatsekere kagalu m'khitchini momwe muli mbaula yamakala yosazima. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umapha anthu ndi ziweto ali m'tulo, ndipo thupi laling'ono limagonja msanga. Zimitsani mbaulayo kapena itulutseni kaye.

Ngakhale chisanu chitatha, panja usiku pali zina zimene galu wamkulu amatha kulimbana nazo koma kakang'ono sikangathe. Kumadera a m'mphepete mwa phiri afisi amayendera makomo, ndipo kagalu kotere amangonyamula. Agalu oyendayenda amalowa pampanda wa udzu kapena wa maluwa mosavuta. Galu wamkulu akaluma kagalu pamsana n'kukagwedeza kamodzi, msana kapena nthiti zimathyoka. Kulumidwako kumabweretsanso chiwewe, matenda amene akangoyamba kuoneka sachizika, kwa galu ngakhale kwa munthu. Katemera wa chiwewe amabayidwa kuyambira miyezi 3, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka, kaya kagalu kamagona m'nyumba kapena ayi. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi ya dzinja kuli linthumbu, limene limatha kuzinga kagalu komangidwa kapena kotsekeredwa kopanda pothawira. Mphiri nayo imakonda kubisala m'milu ya nkhuni ndi njerwa, ndipo ululu umene galu wamkulu angapulumuke nawo umapha kakang'ono m'maola ochepa. Akuba nawonso amadziwa kuti tiagalu timeneti tili ndi msika, ena amaponya nyama yothira tameki kuti pakhomo pakhale zii.

Ena amati kakagona m'nyumba ndiye kalondera bwanji. Ntchito ya kagalu kotere ndi kuuwa basi, sikangagwire wakuba. Kali m'nyumba kamamva phokoso la pageti bwino lomwe, kamakudzutsani, ndipo palibe angakatseke pakamwa ndi nyama ya poizoni.

Tizilombo tapakhungu tifunika kutchulidwa mwapadera, popeza kuno mvula ndi yambiri. Ntchentche ina imaikira mazira padothi lamchenga lamumthunzi, makamaka pamene pali mkodzo, komanso pansalu zonyowa. Mphutsi zake zimaboola khungu la galu wogona pamenepo n'kukulira m'kati kwa masiku 8 mpaka 12. Mumaona zotupa ngati zithupsa zokhala ndi kabowo pakati, kawirikawiri pamimba, pamapazi ndi kumchira. Pakani Vaseline wambiri pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, kenako finyani modekha kuchokera m'mbali kuti ituluke yathunthu. Ikaphulikira m'kati bala limachita mafinya. Nsalu zogonera muzichapa mlungu uliwonse, kuziyanika pachingwe osati paudzu, ndipo muzizisita. Nkhupakupa zimafalitsa matenda owononga magazi: galu amatentha thupi, amakana chakudya, nkhama zimayera, mkodzo umafiira. Kagalu kakang'ono kali ndi magazi ochepa, choncho kamafooka msanga kwambiri. Gwiritsani mankhwala a nkhupakupa opangira agalu, oyezedwa molingana ndi sikelo yake. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha tiagalu tambiri, ndipo mankhwala a nkhupakupa otchedwa amitraz saloledwa n'komwe pa Chihuahua.

Tikudziwa kuti alipo amene sangathe kulowetsa galu m'nyumba: eni nyumba akukana, wina m'banjamo ali ndi mphumu, kapena chikhulupiriro chawo sichilola. Zikatero, kagalu kogona panja kakhale kopitirira chaka chimodzi, kathanzi, kolandira katemera yense, ndipo kakhale ndi khola lenileni m'kati mwa mpanda wolimba. Kamwana, kokalamba, kodwala, kowonda, kabere kapena koyamwitsa kasagone panja nyengo iliyonse. Tiana tosakwana milungu 4 sititha n'komwe kusunga kutentha kwa thupi patokha.

Kholalo ambiri amalakwitsa polimanga lalikulu. Chimene chimafunditsa khola ndi thupi la galu mwini, ndiye likakula kutentha kumangobalalika. Kwa kagalu ka makilogalamu 4 mpaka 7, masentimita 60 m'litali, 45 m'lifupi ndi 50 kutalika kwake n'zokwanira: kathe kuimirira, kutembenuka ndi kugona kotambasula miyendo. Pansi pakhale pathabwa, pokwezedwa masentimita 10 ndi njerwa kuti madzi ndi chinyezi zidutse kunsi. Khomo likhale laling'ono, pafupifupi masentimita 20 m'lifupi, ndipo likhale chakumbali osati pakati, kuti kagalu kapeze pobisalira mphepo. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa, choncho khomo liyang'ane kumpoto kapena kumadzulo, kapena liyang'ane khoma la nyumba. Pakhomopo pachikani chiguduli chokhuthala chong'amba pakati. Denga lamalata okha ndi loipa mbali zonse: usiku limachita thukuta n'kumadonthezera pogona, masana a mu October limasandutsa khola uvuni. Ikani thabwa kunsi kwa malata, denga lipendekeke ndi kutulukira kunja masentimita 10 mpaka 15, ndipo muboole timabowo tingapo m'mwamba mwa khoma kuti mpweya uziyenda. Malo abwino oikapo khola ndi pakhonde lofoleredwa, lotchingidwa ndi waya wolimba mpaka pansi, lokhala ndi chitseko chotsekeka usiku.

Pogona pake yalani udzu wouma wochindikala kapena bulangete lakale pamwamba pa katoni. Madzulo alionse pisani dzanja: ngati pali chinyezi, sinthani. Bulangete lonyowa ndi loipa kuposa thabwa lopanda kanthu. Kajuzi kamathandiza kagalu kaubweya waufupi, koma kakanyowa kavuleni. Nyengo yozizira musamete ubweya kwambiri, ndipo kosambitsa kazikhala m'mawa kuti pofika madzulo kakhale katauma mpaka pakhungu. Chakudya chigawidwe kawiri, china madzulo, ndipo chisakhale nsima yokha. Onjezerani matemba kapena usipa wophika wopanda mchere wambiri, dzira lophika kapena nyama. Madzi akhalepo usiku wonse m'mbale yosagubuduka, poti galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndipo kukatentha amaposa apo. Musakagoneke kali paunyolo. Unyolo umakulungika pakhosi kapena pamwendo, ndipo linthumbu kapena njoka ikabwera kagalu kamasowa kothawira.

Mu October ndi November vuto limatembenuka. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo tiagalu tamphuno zophwatalala ngati Pug sititha kuchita zimenezi bwino. Khola limene lakhala padzuwa tsiku lonse limakhalabe lotentha mpaka usiku, choncho lisunthireni pamthunzi ndipo chotsani chiguduli chapakhomo chija. Kagalu kakamapuma movutika, dovu likuchucha, lilime litafiira kwambiri, kathireni madzi ozizira a pampopi pamimba ndi m'mapazi n'kuthamangira nako kwa dokotala.

Ngakhale khola litakhala labwino chotani, masiku a chiperoni, usiku wa mvula yamabingu, ndi miyezi ya June ndi July kwa okhala kumtunda kwa phiri, pezani pokalowetsa, ngakhale m'bafa kapena m'galaja. Katoni yokhala ndi bulangete ndi yokwanira. Kuti kasaipitse m'nyumba, katulutseni kakangomaliza kudya, kenanso musanagone, ndiponso m'mamawa mukangodzuka, nthawi zonse pamalo amodzimodzi. Kamwana ka miyezi 2 kapena 3 sikatha kusunga mkodzo usiku wonse, ndiye kamafunika kutulutsidwa kamodzi pakati pa usiku mpaka katakulako.