Chithupsa cha m'chiwindi: zomwe timaona pa MRI

Munthu akabwera atagwira kumanja pansi pa nthiti, thupi likutentha sabata ziwiri, usiku akunjenjemera, mankhwala a malungo wamwa koma osasintha, maganizo athu amathamangira kuchiwindi. Chithupsa sichituluka pakhungu pokha ayi. Mafinya amathanso kudzikundikira mkati mwa chiwindi, pomwe diso silifika.

Timayamba ndi sikani ya ultrasound, ija yopaka mafuta ozizira pamimba, ndipo nthawi zambiri imakwanira. MRI timaifuna chomwe chaonekacho chikamakayikitsa: kodi ndi mafinya, kapena ndi khansa yomwe yafa pakati? Kwathu kuno, komwe nthenda ya chiwindi ya hepatitis B ndi yofala ndipo khansa ya chiwindi imagwira ngakhale anthu a zaka za m'ma 30, funsoli ndi lalikulu zedi. Yankho lina likutanthauza matenda ochizika, lina ndi nkhani yoti banja likhale pansi.

Makina a MRI sagwiritsa ntchito X-ray. Ndi maginito amphamvu omwe amalondola madzi a m'thupi, n'chifukwa chake timafunsitsa za zitsulo munthu asanalowe. Malo amodzi timawajambula m'njira zingapo. Pachithunzi chotchedwa T1 chithupsa chimaoneka chakuda kuposa chiwindi chochizungulira. Pa T2 chimatembenuka n'kukhala chowala, chifukwa mafinya ndi amadzimadzi. M'mbali mwake mumaonekanso kuwala kozimiririka, ngati momwe nsalu imanyowera kuzungulira pomwe padonthera madzi. Kumeneko ndi kutupa kwa chiwindi chomwe chikulimbana ndi tizilombo.

Kenako timabaya mankhwala a gadolinium mumtsempha. Amayenda ndi magazi n'kuwalitsa paliponse pomwe magazi afika. Khoma la chithupsa limayaka ngati mphete, koma pakati pamatsala bii, poti m'mafinya mulibe mitsempha. Nthawi zina sichikhala chimodzi, timaona tizithupsa tounjikana ngati mazira a chule, tikulumikizana kuti tipange chachikulu.

Vuto ndi lakuti khansa yofa pakati nayonso imavala mphete yomweyi. Apa m'pomwe ine ndimadalira kwambiri chithunzi cha DWI, chomwe chimayeza momwe madzi akuyendera momasuka. Mafinya ali ngati phala lolimba, odzaza ndi maselo akufa ndi tizilombo, moti madzi amakanirira m'menemo, ndipo pakati pa chithupsa pamawala kwambiri. Pakati pa khansa yofa pamakhala madzi opyapyala oyenda mwaufulu. Kukanirira kumaoneka m'mphepete, momwe muli maselo amoyo othithikana. Sikuti zimatero nthawi zonse, ndiye sindilemba lipoti ndisanamve kuti wodwalayo wadwala bwanji komanso magazi aonetsa chiyani.

Chomwe chithunzi sichinena motsimikiza ndi dzina la kachilombo. Chithupsa chimodzi chachikulu mbali ya kumanja kwa chiwindi, makamaka mwa bambo, chimatiganiziritsa za Entamoeba histolytica, kachilombo ka kamwazi kolowa ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa. Mafinya ake amakhala ofiirira ngati chokoleti, ndipo kawirikawiri amamvera metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Flagyl. Zithupsa zingapo zimalozera mabakiteriya monga Klebsiella kapena E. coli, ochokera m'njira za ndulu kapena m'matumbo, ndipo odwala shuga ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Izi zimafuna mankhwala a sabata zingapo, ndipo chithupsa chikapitirira masentimita 5 madokotala nthawi zambiri amalowetsa singano kapena kachubu kuti mafinya atuluke.

Pali china chomwe chimaopsa anthu pachabe. Wodwala wachira, akudya nsima bwinobwino, koma sikani yobwereza ikuonetsabe kabowo m'chiwindi. Bowo lotere, makamaka la kachilombo ka kamwazi kaja, limatha kutenga miyezi yambiri kuti litsekeke. Ngati thupi lazizira, ululu watha ndipo bowolo likucheperachepera, sitibayanso singano.